Chikole cha Mano Makumi Awiri ndi Anayi

Duwa ankayenda ndi chinsinsi chake m'khosi. Anachimangirira pa ulusi wakuda n'kuchiponya m'kati mwa bulauzi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu palibe anachiona, ngakhale amayi ake a Edina, amene ankadziwa supuni iliyonse ya m'nyumba mwawo ndi pamene inapindikira. Kanali kagiya kapulasitiki kotuwa, kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, ka mano makumi awiri ndi anayi. Anzake a m'kwaya ankalandira chikole cha foni, ena nsalu, ena ndolo. Koma iye, bwenzi lake Noah anamupatsa kagiya.

"Ndili nako kamodzi kokha," anatero Noah tsiku lomwe anamufunsira, ali pansi pa mlambe kuseri kwa msika wa Lirangwe. "Zaka zitatu ndikufukula mabelo a zidole pa kaunjika, kena kotere sindinakapeze. Popanda iko makina anga amayenda motsimphina. Usunge ndiwe."

"Ndiye ukundifunsira kapena ukundilemba ntchito ya ulonda?"

"Zonse ziwiri."

Duwa anaseka mpaka kutsamira mlambewo, koma kagiyako analandira ndi manja awiri. Apa m'pamene panagona vuto. Kubanja kwawo ku Chileka mtsikana savala chikole atsibweni ake asanachigwire m'manja. Duwa ankadziwa zimenezi ngati dzina lake. Anangoti adzanena nthawi ikakwana, koma podikira nthawiyo chinsinsicho chinayamba kumukomera. Akakhala kutsogolo kwa kalasi yake ya Sitandade 5 pasukulu ya mishoni, ndege ikadutsa n'kumeza mawu ake, ankayika dzanja pachifuwa n'kumva timano tija tikumubaya pang'ono. Ankamwetulira yekha, ana akudabwa kuti madamu aona chiyani.

Awiriwa anadziwana chifukwa cha jumbo yong'ambika. Munali m'minibasi yochokera ku Lunzu. Noah ananyamula jumbo yodzaza ndi tinjerwa tapulasitiki, tija tokhala ndi timatuza pamwamba, toti ukadinikiza kamodzi pa kanzake timagwirana popanda simenti kapena guluu. Minibasi itagunda dzenje jumbo inaphulika, tinjerwa mbwee pansi pa mipando. Anthu anaseka, kondakitala anang'ung'udza, koma Duwa anawerama n'kuyamba kutola. Pomwe ankaweramuka n'kuti atapitirira siteji yake kalekale. Kanjerwa kamodzi kabuluu sanabweze. Anakalowetsa m'chikwama mwake mwakachetechete, osadziwa kuti akubera chiyani.

Noah anali mlimi wa chimanga ndi tomato wa ku Chigaru, ndipo masiku a msika ankakonza njinga za akabaza pa Lirangwe. Tinjerwato sankamangira tinyumba tokha ayi. Anapanga kakireni konyamula dzira osaliswa. Anapanga kageti kodzitseka kokha. Chilichonse chimene ankafuna kudzapanga ndi chitsulo ankayamba wachimanga ndi tinjerwa. "Chitsulo ukadula molakwika sichibwerera," ankatero, "koma kanjerwa umangokazula, sikasunga mangawa." Duwa atayamba kumangako nayenso, zinapezeka kuti zala zake zinali zachangu kuposa za mwini wake, ndipo masamu a mano a magiya ankawawerengera m'mutu.

Chotchinga chinali chimodzi, chovala jekete ngakhale mu Okutobala. Atsibweni a Potiphar, mlongo wa a Edina, anali mkulu wampingo, ndipo anagwira ukalaliki m'tauni zaka makumi atatu. Iwo ndiwo ankayenera kukhala nkhoswe ya Duwa. Popanda iwo panalibe chinkhoswe, ndipo popanda chinkhoswe abusa sakanalengeza ukwati m'tchalitchi. Duwa atawauza kuti pali mnyamata, za chikole osatchula, atsibweniwo anavula magalasi.

"Uja wa zidole? Mbiri yake ndamva. Munthu wandevu kumakhala pamphasa n'kumasewera ndi zidole za pa kaunjika! Iwe ukufuna mwamuna, kapena mwana wina woti uzikamupukuta mamina?"

"Mumuone kaye, atsibweni. Muonenso zimene amapanga."

"Loweruka masana. Ikamakwana 3 koloko ndili ndi msonkhano wa akulu ampingo. Akapanda kundionetsa chanzeru, nkhani imeneyi isadzapondenso pakhomo panga."

Duwa sanaope. Ankadziwa pamene atsibweni ake pankawawawa. Anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, gombe lake lalitali, ndipo chaka chilichonse dzuwa likapsa ankakwera ndi kutsika ndi makeni a madzi mpaka msana kuwakana, mpiru n'kufota iwo akuona. N'chifukwa chake iye ndi Noah anatha miyezi iwiri akumanga makina otungira madzi: nsanja ya tinjerwa yofika m'bondo, gudumu pamwamba, lina pansi, katcheni kozungulira magudumu awiriwo, ndipo pa katcheniko anamangirirapo zitsekerero za mabotolo ngati tizidebe. Ukapukusa chogwirira, tizidebeto tinkamira m'beseni, n'kukwera todzaza, n'kukakhuthulira m'kangalande kothira m'kapu. Pamene pankayenera kukhala kagiya kaja, Noah anayikapo lamba wodula ku chubu cha njinga. Anadula kasanu asanapeze lamba wogwira bwino.

Lachisanu wakabaza anabweretsa makinawo m'katoni. Duwa anayika katoniyo kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndipo Loweruka m'mawa anapita kukwaya ali ndi mtima woti zonse zatheka. Anayimba mokweza mpaka wotsogolera kwaya kumuyang'ana.

Pobwera, atangokhota pa mpanda wa nkhadze, anaima chilili.

Pabwalo panali mphasa, ndipo pamphasapo panayanikidwa tinjerwa tonse, kalikonse pakokha. Tofiira tinali m'lichero, tachikasu m'mbale yaikulu, tabuluu pachiguduli, totuwa pamulu pake, monga amayi ake ankasankhira nyemba, kholophethe payekha, nanyati payekha. Zitsekerero za mabotolo zinafoledwa pamzere ngati ana pa asembule. Zonse zinkanyezimira padzuwa, kukununkhira sopo.

"Amayi! Mwatani?"

A Edina anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje, nkhope yodzaza ndi kunyadira.

"Ndatsuka. Fumbi lake lija, ukanaonetsa atsibweni ako chinthu chauve choncho? Ndinayamba ndi kansalu, koma fumbi linali m'mipatamipata. Ndiye ndangozulazula. Sizinavute n'komwe. Taona mmene zawalira!"

Duwa anayang'ana miluyo umodziumodzi. Palibe chinathyoka. Ndipo makinawo, atatseka maso, ankawaona onse, kuyambira kanjerwa ka pansi mpaka mlomo wa kangalande.

"Zawaladi, amayi," anatero. "Mwachita bwino. Tsopano mundibwereke kampando."

Noah anafika 1 koloko atavala shati yoyera imene fumbi la m'njira linali litaisandutsa kale yofiirira. Ataona mphasayo anasendera pafupi ndi Duwa.

"Watiphera makina ndani?" ananong'ona.

"Apongozi ako."

Noah anayang'ananso mphasa ija. "Ndiye atsuka bwino kwambiri."

"Khala pansi. Iwe maziko, ine pamwamba. Tikumana pakati."

Asanamange n'komwe mizere itatu, geti linalira. A Potiphar anali munthu wofika nthawi isanakwane kuti apeze anthu asanakonzeke. Noah ananjuta n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Atsibweniwo anayankha mwachidule, anakhala pampando pansi pa mango, n'kuyang'ana mphasa kudzera pamwamba pa magalasi.

"Ndinauzidwa kuti ndidzaona makina. Ine ndikuona nyemba zoyanika."

"Mwafika nthawi yabwino, atsibweni," anatero Duwa. "Mukanapeza omangamanga mukanati tagula kusitolo ku Limbe. Muone tikumanga pamaso panu."

"Pakamwa ndiye uli napo. Mangani, a injiniya. Wotchi yanga siyidikira zidole."

Anayamba. Poyamba zinavuta, chifukwa a Edina anasankha potengera mtundu pamene omanga amafuna kukula kwake. Kanjerwa ka timatuza tisanu ndi titatu ankakafufuza m'milu inayi. Koma a Edina, poona kuti ana akuvutika ndi ntchito ya manja awo, anakhala pansi n'kutambasula miyendo pakati pa miluyo.

"Tangonenani chomwe mukufuna. Ine ndikudziwa pamene ndayika chilichonse."

"Kachikasu kakatali, amayi."

"Aka."

"Totuwa tiwiri tamabowo."

"Iti. Kapena iti tonenepati?"

Zinayamba kuyenda ngati nyimbo ya pamtondo. Kumangomveka tha! tha! tinjerwa tikulowana. Noah anamanga maziko otakata kuti nsanja isagwedere, Duwa analumikiza katcheni, n'kubwezeretsa zitsekerero chimodzichimodzi, chilichonse chopendekera mbali imodzi. Sankafunsana. Wina akatambasula dzanja, mnzake anali atayikamo kale chimene chikufunika. Ndege inadutsa pansipansi ikupita kukatera, koma palibe anakweza mutu, ngakhale a Potiphar. Duwa anaona m'ngodya ya diso kuti mpando wa atsibweni ake wasendera pafupi, ngakhale sanaone pamene unasunthira.

"Iwe Duwa," anatero mkuluyo, "palibe akukuuza pomwe uyike. Zimenezi unaphunzira liti?"

"Manja amaphunzira okha, atsibweni, akapeza mphunzitsi wosakalipa."

"Hmm."

Itadutsa hafu pasiti 2, nsanja inaima. Noah anaikhazika m'beseni, a Edina anathiramo madzi, kapu inayikidwa kumapeto kwa kangalande. Kenako Noah anayamba kufufuza pamphasa. Anatukula lichero. Anakutumula chiguduli. Anagwedeza katoni mozondotsa.

"Amayi," anafunsa mwaulemu, "munalinso kalamba kakuda, kamphira."

"Kachidutswa ka chubu kaja? Ndayatsira mbaula m'mawa. Kanali ka ntchito?"

Noah anapempha kamphira ka tsitsi la Duwa. Kanali kofewa, chogwirira chinkazungulira, gudumu lili duu. Anayesa chingwe cha thumba la feteleza, chinkangoterereka. Anachimanga mothinitsa, chinakoka nsanja mpaka kupendama. Thukuta linayenderera m'khosi mwake n'kulemba mzere pa kolala.

A Potiphar anayang'ana wotchi, anaimirira, n'kumanga batani la jekete.

"Mwayesetsa," anatero, ndipo mawu awo sanali ankhanza, zomwe zinapweteka koposa. "Ndi nsanja yokongola. Ana a Sande sukulu angakondwe nayo. Mnyamata, uyende bwino. Upereke moni kunyumba."

Duwa anayang'ana Noah. Noah sanayang'ane m'khosi mwake. Anangopukusa mutu pang'onong'ono, moti wina aliyense akanati akuingitsa ntchentche. Duwa anamva zimene ankanena: usatero, ndi bwino andikane ine kusiyana n'kuti uyaluke iwe. Ndipo chifukwa cha kupukusa mutu komweko, Duwa anadziwa kuti sanalakwitse kusankha.

"Atsibweni, tadikirani. Patsala chinthu chimodzi."

Anapisa dzanja m'khosi n'kusolola ulusi wakuda uja. Kagiyako kanatuluka kakuzungulira padzuwa. Analuma ulusi n'kuudula, anachotsa chingwe cha feteleza chija, n'kulowetsa kagiyako pakamtengo ka gudumu la pamwamba. Timano take tinalumana ndi kagiya kakang'ono ka pachogwirira, kunangoti khethe, ngati sikanachokepo.

"Chimenecho chatuluka kuti?" anafunsa a Potiphar.

"M'khosi mwanga."

"Maso ndili nawo. Chinafikamo bwanji?"

"Ndi chikole changa, atsibweni. Ndinalandira mu Febuluwale."

"Mayo ine!" A Edina anagwira pakamwa. "Febuluwale? M'nyumba mwanga momwe muno? Ine kumachapa mabulauzi osadziwa?"

"Wolakwa ndine, bambo," anatero Noah atawerama.

"Sindinafunse iwe," anatero a Potiphar.

Nkhuku inabwera kudzajompha kanjerwa kachikasu kotsala pamphasa, inakalavula, n'kuchoka. Duwa anagwada bwinobwino, maondo onse pansi, koma mutu sanaweramitse.

"Ndinalakwa kusakuonetsani. Mundikalipire, ndimva, sindiyankha. Koma musanandikalipire, tapukusani apa. Ndi chala chimodzi chokha."

A Potiphar anayang'ana chogwirira chija. Duwa ankawadziwa atsibweni akewa: anali munthu wosasiya fayilo asanaone tsamba lomaliza. Ndipo zoonadi, anakoka thalauzi m'maondo, ananjuta, n'kukankha chogwirira ndi chala chamkombaphala, monga munthu wokhudza chinthu choti chingamulume.

Katcheni kananjenjemera, n'kuyamba kuyenda. Chitsekerero choyamba chinamira m'beseni, chinatuluka chodzaza, chinakwera pang'onopang'ono chikudontha, chinafika pamwamba, chinapendama. Madzi anagwera m'kangalande, anathamanga, n'kudonthera m'kapu: ndo! Chachiwiri chinatsatira. Chachitatu. Kapu inayamba kulira mawu osintha pamene inkadzaza.

"Eee! Akukwera okha!" anafuula a Edina, ataiwala za Febuluwale. "Achimwene, taonani, madzi akukwera phiri!"

"Ndikuona, achemwali, musandigonthetse."

Sanasiye kupukusa. Tsopano anagwira ndi zala zitatu. Anapukusa mofulumira, madzi anawathovukira pajekete, iwo osasamala. Anabwerera pang'onopang'ono, mutu atapendeka, akuyang'anitsitsa pamene mano ankalumana.

"N'chifukwa chiyani chikupepuka chonchi?"

"Kakang'onoko kali ndi mano asanu ndi atatu, kangaka makumi awiri ndi anayi," anayankha Duwa. "Dzanja lizungulira katatu, gudumu kamodzi. Mumachedwa pang'ono, koma msana supweteka."

"Msana wa ndani?"

"Wa aliyense amene ali ndi dimba, atsibweni."

Mkuluyo anatsokomola. Anatembenukira kwa Noah koyamba chifikireni, n'kumuyang'ana m'maso.

"Gombe lotalika ngati anthu awiri. Zingatheke?"

"Zingatheke, bambo. Tcheni cha njinga, zigubu zodula pakati m'malo mwa zitsekererozi, nsanja ya mitengo ya bulugamu. Chogwirira tichotse, tiyikepo mapedulo. Munthu azikhala pampando n'kumapalasa ngati akupita kumsika."

"Nanga mtsinje ukadzaza?"

"Timazula n'kukasunga. Ndinaphunzira pa tinjerwa tomweti: chomwe sungathe kuzula usachimange."

Belu la kutchalitchi linamveka patali. 3 koloko inali itakwana. A Potiphar sanayang'ane wotchi. Anatsanulira madzi a m'kapu m'beseni, anadzazanso kapuyo mpaka pakamwa, ndipo atakhutira anasiya chogwirira. Kenako ndi zala zawo zomwe anasolola kagiya kaja pakamtengo. Anakayika pachikhatho, anakatembenuza uku ndi uku, anakayandikitsa kumagalasi.

"Ndagwira zikole zambiri pamoyo wanga," anatero. "Nsalu, mawotchi, Baibulo. Wina anabweretsa wailesi yopanda mabatire. Chamano sindinagwirepo." Anafumbata dzanja. "Tsopano ndachigwira."

Anatambasula dzanjalo kwa Duwa, ndipo iye analandira ndi manja awiri, monga analandirira pansi pa mlambe paja.

"Za miyezi isanu ndi itatu ija tikambirana ine ndi iwe, ndipo tsiku limenelo sudzaseka. Wamva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Iwe mnyamata, atsibweni ako ndani?"

"A Yobu, a ku Chigaru."

"Uwauze abwere Loweruka likudzali m'mawa. Abwere okha, zidole zitsale." Anaweramanso, anatukula nsanja ija m'beseni mosamala, madzi akuchucha m'manja mwa jekete. "Awa atsala kwa ine. Ndikawaonetsetse bwino ngati mulibe chinyengo."

"Popanda kagiyaka sayenda, atsibweni," anatero Duwa.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Uzibwera nako Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Paja umakonda kuyenda nako."

Anatuluka pageti atafukata makinawo ngati khanda lopita kukabatizidwa. Atafika pamphambano anaima, anayang'ana njira ya kutchalitchi, anayang'ana ya kunyumba kwawo, n'kutenga ya kunyumba. Akulu ampingo anadikira tsiku limenelo.

A Edina analowa m'nyumba akudziyankhulira okha za ana a masiku ano, ndipo anatuluka ndi ulusi woyera wolimba, uja ankasokera yunifolomu ya Mvano.

"Bwera kuno. Wakuda uja unali wovunda kale, ukanataya chikole cha eni ake m'basi. Ndipo uzivalira kunja, anthu aone. Wandichititsa manyazi mokwana."

Anamumangirira okha m'khosi, n'kumumenya kakofi pamsana. Duwa anayang'ana kagiyako kali poyera pamwamba pa bulauzi. Kanali kokongola ndithu, koma anamva kachisoni pang'ono, konga kamene munthu amamva akatsegula mphatso imene anazolowera kuiona yokulungidwa.

Noah ankatolera tinjerwa totsala m'katoni.

"Basitu," ananong'ona, "zinsinsi zatha."

"Zatha," anavomera Duwa, akumuthandiza kutola.

M'chipinda mwake, m'kathumba ka m'kati mwa chikwama, munali kanjerwa kabuluu ka m'minibasi kaja. Noah anali atakafunafuna kwa miyezi yambiri, mpaka kuganizira kondakitala. Duwa anaganiza zodzamuuza tsiku la ukwati. Kenako anayang'ana mmene Noah ankawerengera tabuluu kachiwiri, nkhope atakwinya, ndipo anaona kuti palibe chofulumirira.